Stout ya ku Tadcaster musaimwe yozizira kwambiri

Ambiri akaona mowa wakuda bii m'tambula amaganiza kuti ndi waukali. Ayi ndithu. Kuda kwa stout kumachokera ku chimera cha barele chokazinga, osati ku mphamvu ya mowawo. Oatmeal Stout ya kampani ya Samuel Smith, ya m'tawuni yaing'ono ya Tadcaster m'chigawo cha Yorkshire ku England, ukali wake ndi 5 peresenti basi, mofanana ndi ma lager ambiri oyera.

Malo amene amafululira mowawu anayamba ntchito mu 1758, ndipo mpaka lero amatunga madzi m'chitsime chimene chinakumbidwa chaka chomwecho, chakuya mamita pafupifupi 26. Mowa amausasitsa m'matanki amakona anayi opangidwa ndi miyala ya slate, monga ankachitira makolo awo. Stout yothira oats, mbewu yonga tirigu, inali itatsala pang'ono kuiwalika ku England, koma kampaniyi inayambiranso kuifulula mu 1980.

Kukoma kwake konse kwagona pa ukazingidwe wa chimera. Stout inachokera ku porter, mowa wakuda umene unatchuka ku London m'zaka za m'ma 1720. Mu 1817 Daniel Wheeler anapanga chiwiya chozungulira chokazingira chimera mpaka kuda osanyeka, ndipo kuyambira pamenepo wofulula ankangothira kachimera kakuda pang'ono m'chimera choyera, mowa wonse n'kuda. Moto ukapitirira madigiri 200, shuga ndi mapuloteni a m'njere zimasandulika n'kutulutsa fungo la khofi ndi chokoleti, ngakhale kuti m'mowamo mulibe khofi kapena chokoleti. Amene anadyako nkhoko za nsima zopserera pang'ono akudziwa kale kakomedwe kameneka, kowawirako koma kokoka mtima.

Tsono apa ndi pamene pamandipweteka. Anthu amagula botolo labwino chotere, amaliika mufiriji usiku wonse, kenako n'kumamwera kubotolo likadali lozizira zedi. Kuzizira kumatsekera fungo m'mowa ndipo lilime limachita dzanzi, moti chotsala n'kuwawa kokha. Stout ya ku England imafuna madigiri 11 mpaka 13. Mukaitulutsa mufiriji, ilekeni ikhale kaye patebulo, m'galasi musamachite mame ochuluka.

Tambula ikhale yoyera, yopanda mafuta kapena sopo wotsalira, chifukwa zimenezi zimapha thovu. Ipendeketseni pothira, kenako muiimike kuti thovu likwere ngati zala ziwiri. Thovulo likhale lofiirira, osati loyera. Mukayang'anitsa tambulayo pa kuwala muona kuti m'mphepete mwake mowa ndi wofiira moderako, si wakuda wonse.

Musanamwe, nunkhizani. Kenako imwani pang'ono, muusunge mkamwa kamphindi kuti ufike mbali zonse za lilime. Choyamba kumveka ndi kutsekemera kwa chimera, pambuyo pake kuwawa kwa njere zokazinga ndi ma hops (timaluwa timene amathira kuti mowa uwawe ndi kununkhira), kumene kumatsalira kukhosi mutameza. Oats ndiye amene amaupatsa thupi. Ali ndi mafuta komanso ulusi wosungunuka m'madzi umene umachititsa kuti mowa uterere mkamwa, kuwawa kwake kusakhale kobaya. Ine ndimaona kuti theka lachiwiri la tambula ndilo lokoma koposa, chifukwa mowa umakhala utafundako ndipo fungo la zipatso zouma lochokera ku yisiti layamba kutuluka.

Musayembekezere kuti ifanane ndi Guinness ya pampopi. Ija ndi ya ku Dublin, yosatsekemera, ndipo thovu lake lokhuthala limabwera ndi mpweya wa nitrogen. Ndi yosiyananso ndi milk stout ngati Mackeson, imene amathiramo shuga wa mumkaka amene yisiti sangathe kusasitsa.

Mukamva fungo la katoni yonyowa, mowawo walowa mpweya kapena wakhalitsa pamalo otentha. Ukawawasa ngati viniga, wawonongeka, ndipo musaweruze stout yonse ndi botolo limenelo. Chakudya choyenda nayo ndi nyama yootcha, nyama ya ng'ombe yophika nthawi yaitali kapena tchizi wokhwima. Tsabola wambiri amaphimba zonse zimene wofulula anavutikira. Botolo limodzi la mamililita 550 likukwanira anthu awiri olawa modekha, ndipo amene ayendetse galimoto asakhudzeko.