Nsanja ya ku Newstead kumene Livingstone analembera za mtsinje wa Shire

Makilomita pafupifupi 19 kumpoto kwa mzinda wa Nottingham ku England kuli nyumba yakalekale yotchedwa Newstead Abbey. Munthu akamaiyandikira, choyamba kumukopa maso ndi khoma la kumaso kwa tchalitchi, koma tchalitchicho palibe. Zenera lalikulu losongoka pamwamba lili pomwepo, lopanda galasi, moti ukayang'ana umangoona mitambo. Khomali linamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ndipo linalumikizana ndi nyumba yogonamo anthu imene yasintha eni ake kangapo.

Poyamba panali ansembe a chipani cha Augustino Woyera, amene Mfumu Henry II anawakhazikitsa pamalopa cha m'ma 1170. Anapempherapo zaka zoposa 350, mpaka Mfumu Henry VIII atakangana ndi Papa n'kuyamba kutseka nyumba zonse za amonke. Ya ku Newstead inatsekedwa mu 1539, ndipo chaka chotsatira Sir John Byron anaigula kwa mfumu. Iyeyu anagumula tchalitchi n'kusiya khoma la kumaso lokha, koma nyumba za ansembe anazisandutsa mokhalamo banja lake. N'chifukwa chake mamangidwe a Newstead amasiyana ndi nyumba zambiri za mabwana a ku England. Zipinda zake zimazungulira bwalo la makona anayi lokhala ndi makonde a miyala, momwe ansembe ankayendamo akupemphera, ndipo pakati pa bwalolo pali kasupe wosemedwa mwaluso. Chipinda chimene ansembe ankachitiramo misonkhano chinasanduka kachisi wa pabanja.

Banja la Byron linapatsidwa ulemu wa u-Lord mu 1643 chifukwa choima kumbali ya Mfumu Charles I pankhondo yapachiweniweni. Amene anagwetsa chuma cha pabanjapa ndi Lord Byron wachisanu. Mu 1765 anapha mnansi wake William Chaworth pa ndewu ya malupanga ku London. Anamanga timalinga toseweretsa m'mphepete mwa dziwe la panyumbapo kuti azichita masewera a nkhondo ya pamadzi, ngongole zitamuthina anadula mitengo n'kugulitsa katundu wa m'nyumba. Pamene ankamwalira mu 1798, denga linali likudontha, zipinda zambiri zili mbee.

Amene analowa m'malo mwake anali mnyamata wa zaka 10, George Gordon Byron, yemwe pambuyo pake anadzatchuka kwambiri monga mlakatuli. Alendo ambiri masiku ano amapita ku Newstead chifukwa cha iyeyu, ngakhale kuti anangokhalamo mwa apo ndi apo kuyambira mu 1808, m'zipinda zochepa zimene anatha kukonza. Galu wake Boatswain atafa ndi chiwewe chaka chomwecho, anamumangira chipilala chachikulu pabwinja la tchalitchi, chimene chilipo mpaka lero. Ngongole nayenso zinamukulira, ndipo mu 1818 nyumbayo inapita kwa Thomas Wildman, mnzake wa kusukulu ya Harrow, pa mtengo wa mapaundi 94,500.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Chuma cha Wildman chinkachokera ku munda wa nzimbe wa banja lawo ku Jamaica, wotchedwa Quebec Estate, umene unkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa ndi ana awo. Ndalama zimenezo n'zimene zinadzutsa Newstead. Mothandizidwa ndi katswiri wa zomangamanga John Shaw, Wildman anakonza madenga, anakongoletsa holo yaikulu ndi matabwa osema, ndipo anamanga nsanja yaitali yotchedwa Sussex Tower. Anasamala kuti zatsopanozo zifanane ndi zakale, moti mlendo wosadziwa angaganize kuti zonse anasiya ndi ansembe. Zambiri zokongola zimene anthu amajambula pamalopa ndi thukuta la anthu amene sanapondeko n'komwe ku Nottinghamshire.

Wildman atamwalira mu 1859, nyumbayo inagulidwa ndi William Frederick Webb, mpondamatiki amene anakhalako kummwera kwa Africa akusaka nyama, ndipo kumeneko n'kumene anadziwana ndi David Livingstone. Mu 1864 Livingstone anabwerera ku Britain ali wolefuka. Mishoni ya ku Magomero inali itabalalika, Bishopu Mackenzie anali atamwalira mu January 1862, mkazi wake Mary anatsatira mu April chaka chomwecho ku Shupanga, m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi, ndipo boma la Britain linali litathetsa ulendo wake wa ku Zambezi. Webb anamuitana kuti adzapumule ku Newstead pamodzi ndi mwana wake Agnes. Anakhalako kuyambira September 1864 mpaka April 1865, akugona ndi kulemba m'chipinda cha mu Sussex Tower muja.

Mmenemo ndi mmene analembera buku la ulendowo, Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, lomwe linatuluka mu 1865 lili ndi dzina lake ndi la mng'ono wake Charles. Lili ndi nkhani za mathithi a Shire, nyanja ya Chilwa, nyanja ya Nyasa imene anaifika mu September 1859, komanso midzi ya Amang'anja yotenthedwa, anthu omangidwa magoli m'khosi akupita ku Tete, ndi mitembo yoyandama mumtsinje nthawi ya njala. Anthu ambiri a ku Britain anamva koyamba za makolo athu kudzera m'mawu olembedwa munsanja yomangidwa ndi ndalama za ukapolo wa kutsidya lina la nyanja.

Patapita zaka khumi, mu 1874, Livingstone atagonekedwa kale ku Westminster Abbey, ku Newstead kunafika alendo awiri: Abdullah Susi ndi James Chuma, amene anatsogolera gulu lonyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo ku Zambia, kumene anamwalirira, mpaka ku doko la Bagamoyo ku Tanzania. Chuma anali Myao, mmodzi mwa ana amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo kumapiri a Shire mu 1861 n'kukakhala ku Magomero. Pali chithunzi chojambulidwa panja pa nyumbayi chowaonetsa ali ndi Agnes, mlongo wake Tom, ndi Horace Waller, akuyang'ana mapu ndi makope a malemuyo. Waller ndiye ankakonza makopewo kuti asindikizidwe, ndipo za masiku otsiriza a Livingstone anazimva kwa awiriwa.

A m'banja la Webb anakhalabe pamalopa kwa zaka zambiri, ndipo Ethel, mwana wamkazi wa Webb, ndiye anakonza dimba la Chijapani limene lili kumunsi kwa dziwe. Mu 1931 Sir Julien Cahn, yemwe anali atagula nyumbayo, anaipereka kwa mzinda wa Nottingham, ndipo tsopano khonsolo ya mzindawo ndiyo imaiyang'anira ngati nyumba yosungiramo mbiri yotsegukira aliyense.