Mtsempha wotupa muubongo: kulowera pamkono kapena m'mphechepeche

Pali mutu wina umene si wa malungo. Umagwa mwadzidzidzi, mphindi imodzi isanathe wafika poipitsitsa, ndipo wodwala amati sanamvepo ululu wotere chibadwire. Khosi limauma, amasanza, kuwala kumamupweteka m'maso, ena amakomoka. Zikatere musadikire kuti kuche. Thamangirani naye ku chipatala cha boma cha Salima, kumene angamutumize ku Kamuzu Central ku Lilongwe kukajambulidwa ndi CT scan, makina ounika m'kati mwa mutu. Asipirini musamupatse, chifukwa amalepheretsa magazi kuundana.

Kawirikawiri mutu wotere umayamba ndi nthenda imene madokotala amaitcha aneurysm. Khoma la mtsempha wa muubongo limafooka pamalo amodzi n'kutupa, monga momwe chubu cha njinga chimatumphukira pamene tayala latha. Akuluakulu pafupifupi 3 mwa 100 alionse ali nako kutupaku, ndipo ambiri amakalamba osadziwa. Choopsa n'kuphulika: magazi amatayikira m'mutu, ndipo m'pamene mutu uja umagwa. Fodya ndi BP yokwera zimafooketsa mitsempha, n'chifukwa chake tikukupemphani kuti muziyezetsa BP ngakhale musakumva kalikonse.

Kale njira yochizira inali kutsegula chigaza basi. Kuyambira cha m'ma 1990, madokotala amathanso kulowetsa kapaipi kowonda mumtsempha, n'kukakankha mpaka kubongo, kenaka n'kudzaza potupapo ndi timawaya tofewa ta platinum kuti magazi asalowemonso. Funso limakhala lakuti kapaipiko kalowere pati.

Njira yakale ndi ya m'mphechepeche, pamwamba pa ntchafu. Mtsempha wake ndi waukulu, ndiye umalandira zida zokulirapo. Vuto lake n'lakuti uli mkatikati mwa thupi: ukayamba kuchucha, magazi amatha kudzadza m'kati osaonekera kunja. Akamaliza, wodwala amagona chagada maola angapo osapinda mwendo, ngakhale pofuna kutaya madzi. Kwa agogo odwala msana, maola amenewa ndi owawa zedi.

Njira inayo ndi ya pamkono, pomwe timavala wotchi, ndipo amene anayamba kuigwiritsa ntchito ndi madokotala a mtima. Mtsempha wake uli pafupi ndi khungu, pamwamba pa fupa, choncho kuufinya n'kosavuta. Amangomanga kalamba kofinya, munthu n'kukhala tsonga posakhalitsa. Kutaya magazi koopsa kumachepa. Komabe mtsemphawu ndi waung'ono: umatha kukungika kapaipi kali m'kati, kapena kutsekeka pambuyo pake, ngakhale kuti dzanja limalandiranso magazi kuchokera ku mtsempha wina wa mbali ya chala chaching'ono. Nthawi zina dokotala amayambira pamkono n'kusinthira m'mphechepeche. Musadabwe nazo, zimachitika.

Ngati m'bale wanu watumizidwa kokalandira chithandizochi, funsani kuti alowera pati ndiponso chifukwa chake. Mukabwerera kumudzi, musamulole kutunga madzi, kukoka khoka kapena kunyamula katundu wolemera kufikira tsiku limene dokotala ananena. Pabala pakatupa, kapena dzanja kaya mwendo ukazizira n'kuchita dzanzi, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo.