Lachisanu pa 13: mantha a azunguwa anayambira pati?

Chaka cha 2026 Lachisanu lagwera pa 13 katatu, mu February, March ndi November, ndipo ku America ndi ku Britain mkangano wakale uja wabukanso: tsiku limeneli linasanduka liti latsoka? Ambiri amathamangira nkhani ya asilikali achikhristu otchedwa Knights Templar. N'zoona kuti anagwidwa ku France Lachisanu pa 13 October 1307 molamulidwa ndi Mfumu Philip IV, ndipo mtsogoleri wawo Jacques de Molay anatenthedwa ku Paris mu 1314. Koma akatswiri a mbiri sanapeze zolembedwa za nthawiyo zosonyeza kuti anthu anayamba kuopa tsikuli chifukwa cha zimenezo. Mantha ake amayamba kuoneka m'mabuku cha m'ma 1800.

Chimene chinalipo kale ndi kuopa kudya anthu 13 pa tebulo limodzi. Ankati mmodzi amwalira chaka chisanathe, pokumbukira Mgonero wa Ambuye, pomwe Yesu anadya ndi ophunzira ake 12, Yudasi ali pomwepo.

Kwa ine, nkhani inakhotera ku New York. Captain William Fowler, msilikali wakale amene zamalodzazi zinkamunyansa, anayambitsa kalabu yotchedwa Thirteen Club. Lachisanu pa 13 January 1882 amuna 13 anakumana m'chipinda nambala 13 cha malo odyera otchedwa Knickerbocker Cottage. Polowa anadutsa pansi pa makwerero, mchere n'kuutayira dala patebulo, zonse zimene agogo awo ankaletsa. Chaka chinatha onse ali moyo, ndipo anapitiriza kukumana pa 13 mwezi uliwonse. Apulezidenti asanu a America, kuphatikizapo Theodore Roosevelt, anadzalembedwa ngati mamembala aulemu.

Fowler anali ndi mfundo, ndipo anaitsimikiza poyera. Kungoti atolankhani anakonda maphwando akewo, nkumalemba za nambala 13 mobwerezabwereza, moti ndimaona kuti ngakhale amene sankaiopa anayamba kuiganizira.

Mantha akewo lero amalowa mpaka m'malonda. Ndege za Lufthansa zilibe mzere wa mipando wa 13, ngakhalenso wa 17 umene Ataliyana amauopa. Ku Ireland, manambala a galimoto amayamba ndi chaka chimene yalembetsedwa. Pofika 2013 boma linagawa chaka pawiri: m'malo mwa 13, manambala a theka loyamba la chaka anayamba ndi 131, a theka lachiwiri ndi 132. Cholinga china chinali chakuti malonda aziyenda chaka chonse, komabe ogulitsa galimoto ankadanso nkhawa kuti ogula azithawa galimoto yolembedwa 13.