Masekondi 8 pamsana pa nkhunzi: nyengo ya rodeo kumapiri a Wyoming

Tawuni ya Cody ili kumpoto chakumadzulo kwa dera la Wyoming m'dziko la America, m'munsi mwa mapiri a Absaroka, pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera pachipata cha kum'mawa cha nkhalango ya Yellowstone. Kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 31 Ogasiti, kumeneko kumachitika rodeo usiku uliwonse, ndipo mwambo umenewu unayamba mu 1938. Rodeo ndi mpikisano wa oweta ng'ombe oyenda pa mahatchi. Dzinali linachokera ku mawu a Chisipanishi otanthauza kuzungulira ziweto pozikusa, popeza luso lenilenilo linadza ndi abusa a ku Mexico.

Nyengoyi inagwera miyezi yotentha chifukwa cha ntchito ya pakhola. Kumapiriko chisanu chimakhalitsa, ng'ombe zambiri zimaswa chipale chofewa chisanasungunuke, kenako matole amadindidwa chizindikiro cha mwiniwake, ndipo pofika mu Juni ziweto zimakwezedwa kumsipu wa m'mapiri. Apo m'pamene anthu amapezako mpata wosonkhana, komanso ndi pamene alendo opita ku Yellowstone amachuluka. Sabata ya pa 4 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo, mipikisano imathithikana kotero kuti opikisana amaitcha Khirisimasi yawo, ndipo amayenda pagalimoto usiku wonse kuti akapezeke m'mabwalo angapo. Kuthamanga konseku n'chifukwa chakuti anthu 15 okha opata ndalama zambiri pa mtundu uliwonse wa mpikisano ndiwo amapita kukamaliza ku Las Vegas mu Disembala.

Monga dokotala wa ziweto, chimene ndimafuna kuti owerenga amvetse n'chakuti nyama nayonso imapikisana. Wokwera nkhunzi kapena hatchi yolusa ayenera kukhala pamsana kwa masekondi 8 atagwira ndi dzanja limodzi, ndipo dzanja linalo likangokhudza nyamayo kapena thupi lake lomwe, watuluka. Oweruza amagawa mapointi 100 pawiri: 50 ndi a luso la munthu, 50 ndi a mmene chiweto chadumphira, kuponya miyendo ndi kuzungulira. Choncho wokwera akagwera nkhunzi yaulesi amadandaula, chifukwa ngakhale atakhala bwino chotani sangapambane. N'chifukwa chake pali alimi amene ntchito yawo ndi kuswetsa nyama zodumpha, kusankha makolo ake mosamala ndi kuzidyetsa bwino, pakuti chuma chawo chagona pa thanzi la nyamazo.

Anthu ambiri amafunsa za lamba womangidwa m'chiuno mwa nyama chitseko chisanatsegulidwe. Mphekesera yoti lambayo amafinya ziwalo zoberekera si yoona, ndipo umboni wapafupi ndi wakuti mahatchi ambiri odumpha ndi aakazi kapena ofulidwa. Lambayo amadutsa kutsogolo kwa miyendo yakumbuyo, ndipo wa hatchi amakutidwa ndi chinthu chofewa ngati ubweya wa nkhosa. Nyama imamva kuti yamangidwa pamalo osazolowereka, ndiye imaponya miyendo m'mwamba pofuna kumutaya. Ikakhala hatchi, masekondi aja akatha, anthu ena okwera mahatchi amaithamangira n'kumasula lambayo, ndipo kawirikawiri imayamba kudekha nthawi yomweyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mpikisano wokola thole ndi chingwe. Thole lolemera makilogalamu oposa 100 pang'ono limatuluka likuthamanga, wopikisana amaliponyera chingwe m'khosi, hatchi imaima mwadzidzidzi, iye n'kutsika, kuligwetsa pansi ndi kulimanga miyendo itatu, ndipo mfundoyo iyenera kugwira kwa masekondi 6. Kutchire ntchito yomweyi imachitika modekha pofuna kupereka mankhwala kwa thole lodwala, koma m'bwalo mumalamula wotchi, ndipo khosi la nyama yaing'ono likakokedwa mwamphamvu likhoza kuvulala. Bungwe la akatswiri a rodeo la PRCA, lomwe likulu lake lili ku Colorado Springs, limalamula kuti pampikisano uliwonse umene lavomereza pakhale dokotala wa ziweto, komanso limapereka chindapusa kwa wogwetsa thole chagada ndi chingwe. Malamulowa ndi othandiza, komabe ndimaona kuti amene amatsutsa mpikisano umenewu ali ndi mfundo yoyenera kumvedwa.

Anthu nawonso amavulala. Mu Julayi 1989, pa mpikisano wa Cheyenne Frontier Days umene unayamba mu 1897, katswiri Lane Frost anakwanitsa masekondi ake, koma atatsika nkhunzi inamugunda ndi nyanga kumsana n'kumuthyola nthiti, ndipo anamwalira ali ndi zaka 25. Mnzake Cody Lambert ndiye anakonza chovala cholimba choteteza chifuwa ndi msana, chimene okwera nkhunzi amavala lero, ndipo achinyamata ambiri tsopano amavalanso chisoti chotchinga nkhope m'malo mwa chipewa chotambalala chija.