Ma contact lens otsala kapena osatsegula: mayankho pa zimene mwakhala mukutifunsa

Chimatireni chidziwitso pakhomo pa chipatala chathu cha maso chakuti sitibweza ndalama za ma contact lens, pa kauntala pathu sipakutha mikangano. Lolemba lapitali mzere unafika pakhonde, ndipo ambiri sanabwere kudzayezetsa maso koma atanyamula mabokosi oti abweze. Mayi amene amakulandirani pakhomo akhala akulandira mawu osawayenera, chonsecho lamuloli sanapange ndi iwo. Talemba pano mafunso amene akubwera mobwerezabwereza, kuti mukamabwera mukhale mukudziwa kale chotheka ndi chosatheka.

Kodi tikunena za magalasi ati?

Tikunena timagalasi tofewa toika pa diso penipeni, timene munachita kuyezedwa ndi kulemberedwa. Magalasi a mafelemu ali ndi ndondomeko yawoyawo.

Ndili ndi mabokosi amene sindinatsegule. Ndiyambire pati?

Yang'anani deti lothera ntchito. Lili pambali pa bokosi ndi pa kapaketi kalikonse, pafupi ndi mawu akuti EXP kapena kachithunzi kooneka ngati timabotolo tiwiri tolumikizana kukamwa. Kenako fananitsani manambala a pa bokosilo ndi a pa pepala lanu la miyeso laposachedwa. Ngati deti silinapitirire ndipo miyeso sinasinthe, palibe vuto, sungani pamalo ozizira bwino osafika dzuwa, muzivala.

Miyeso yanga yasintha, mabokosi ndi atsopano. Bwanji simukundibwezera ndalama zanga?

Ili ndi funso limene ladzetsa phokoso, ndiye tiliyankha motalikirapo.

Ndalama sitibweza. Chimene tingachite nthawi zina ndi kusinthanitsa bokosi lanu ndi lina la miyeso yatsopano, kapena kukulemberani mtengo wake kuti mudzachotsere pa zimene mudzagule mtsogolo. Tikuti "nthawi zina" mwadala, chifukwa bokosi lililonse timaliona palokha. Liyenera kukhala loti munagula kwa ife, muli ndi lisiti lake, ndipo sipanadutse masiku 60. Likhale losatsegula, losanyowa, losalembedwa ndi cholembera. Ambiri mumalemba L ndi R pa bokosi kuti musasokoneze diso lamanzere ndi lamanja. Ndi nzeru yabwino, mwina tinakuphunzitsani ndife tomwe, koma bokosi lolembedwa sitingaliikenso pa shelefu. Komanso pakhale patatsala chaka chathunthu kuti deti lake lithe.

Ngakhale zonsezi zitakwanira, pali ma lens ena amene sitingalandire. Awa ndi a toric, amene pa bokosi pali CYL ndi AXIS, komanso aja othandiza kuona patali ndi pafupi nthawi imodzi. Amenewa timachita kuitanitsa kunja m'dzina lanu, ndipo manambala ake amaphatikizana mosiyanasiyana kwambiri moti tikhoza kudikira zaka osapeza munthu wina wowayenera. Tili ndi dilowa yodzaza ndi mabokosi otere amene tinalandira mwachifundo m'mbuyomu, ena deti lake linatha ali momwemo.

Pali nkhani ina imene ena sakufuna kuimva. Ma lens amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo inasintha kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikulandira anthu ofuna kuti bokosi limene anagula pa mtengo wakale tiliwerengere pa mtengo walero. Timawamvetsa, chifukwa bokosi latsopano akaligula pa mtengo walero. Koma ife timawerengera zimene zili pa lisiti, ndipo ngati bokosi latsopano lakwera, chotsalacho muonjezera. Ngati amene analipira ndi inshuwalansi ya zaumoyo ya kuntchito kwanu, sitingakupatseni kalikonse pamanja popeza ndalamazo sizinachoke m'thumba mwanu. Kusinthanitsa kungatheke, koma tiyambe talankhula ndi a inshuwalansiwo, ndipo izi zimatenga nthawi imene ife sitingailonjeze.

Amene amagamula ndi woyang'anira chipatala, osati a pa kauntala. Chonde musawakakamize kuti akuyankheni pompopompo.

Nanga ngati olakwitsa ndinu?

Zinachitikapo. Tinaitanitsapo bokosi la -3.25 m'malo mwa -2.25, ndipo nthawi ina katundu anachedwa miyezi ingapo moti pofika mwini wake anali atagula kwina. Zikatere lamulo la pamwambali siligwira ntchito. Tisintha popanda kuonjezera kalikonse ngakhale bokosi litatsegulidwa, ndipo ngati sitingapeze oyenera, tibweza ndalama. Bwerani ndi bokosi ndi pepala la miyeso kuti tifananitse.

Ine ndi mchemwali wanga tonse tili pa -2.00. Ndingamupatse?

Ayi, mpaka ayezedwe. Nambala ya -2.00 ndi mphamvu chabe. Pa bokosi pali manambala enanso awiri amene anthu sawawerenga: BC, amene akunena za kupindika kwa kagalasiko, monga 8.4 kapena 8.6, ndi DIA, kukula kwake m'mamilimita, monga 14.0 kapena 14.2. Maso a anthu sapindika mofanana ngakhale a bere limodzi. Kagalasi kothina kamakanirira pa diso, misozi siyenda bwino pansi pake, ndipo kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso, kamene madokotala amati cornea, kamasowa mpweya. Kotakasuka kamangoyendayenda n'kumakhula. Choopsa n'chakuti kothinako poyamba kamamveka bwino, munthu n'kumati zatheka.

Ngati mchemwali wanuyo nambala yake anaitenga pa pepala la magalasi a mafelemu, ndiye nkhani ina. Magalasi amakhala pafupifupi mamilimita 12 kuchokera pa diso pamene lens imakhala pa diso penipeni, choncho mphamvu ikapitirira 4.00 manambala awiriwa amayamba kusiyana.

Mubwere naye, mubweretse bokosilo. Tikamuyeza n'kupeza kuti akumukwana, palibe chotiletsa kumuuza kuti avale. Kuyezako n'kolipira.

Mwana wanga wa ku UK ananditumizira mabokosi amene iye sakuwagwiritsanso ntchito. Mungawagule, kapena kuwasinthanitsa?

Mwezi watha mayi wina wachikulire anakhuthula pa tebulo pathu jumbo yodzaza ndi mabokosi ochokera kwa mwana wawo ku Leeds. Iwo savala n'komwe ma lens, anangouzidwa kuti ndi katundu wodula, akagulitse ku chipatala cha maso apeze ya ndiwo. Mabokosi ena anali ataphwanyika m'chikwama, ndipo atatu deti lake linali litatha. Anabwerera nawo okhumudwa, ifenso zinatikhudza, koma sitigula kapena kusinthanitsa ma lens amene sanadutse m'manja mwathu. Sitidziwa kuti anasungidwa bwanji m'njira, ndipo wovala akadzatupa diso adzafunsa ife.

Kwa achibale amene muli ku UK: musanatumize, funsani kaye kumene munagula ngati angalandire mabokosi osatsegula. Kumeneko kugulitsa ma lens kumatsata lamulo la Opticians Act la 1989, ndipo wogula amayenera kukhala ndi chikalata cha miyeso chosatha ntchito. Chinthu chimene kumeneko sichiperekedwa popanda kuyeza sichisanduka chabwinobwino chifukwa chakwera ndege.

Ndingawagulitse pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp?

Sitikulangizani kutero. Ma lens ndi chipangizo chachipatala, ndipo malamulo a malonda a Facebook salola kugulitsa zinthu zotere. Ku America, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA limawerengera ngakhale ma lens ongosintha mtundu wa maso ngati zipangizo zachipatala zofuna chikalata cha dokotala. Ife sitingakuletseni pakhomo panu, koma musalembe dzina la chipatala chathu pa malonda anuwo ngati kuti tavomereza. Taonapo zoterezi ndipo tinapempha kuti zichotsedwe.

Deti linatha mwezi watha basi, kapaketi n'kotseka. Zoona ndingataye?

Tayani. Tikudziwa kuti zikuwawa, makamaka pa mitengo yalero. Deti limene lili pa kapaketi ndi malire a nthawi imene opanga akutsimikiza kuti chotsekera chija sichinalowetse tizilombo ndiponso kuti madzi amchere amene lens imakhalamo akadali bwino. Ndi maso simungaone kusiyana. Anthu ambiri amene avala ma lens otha deti sadwala, zimenezi sitikana, koma amene wadwala chilonda cha pa cornea amatha kutsala ndi chipsera chosachoka, ndipo ndalama za bokosi limodzi sizifika n'komwe pa zimene angawononge pofuna chithandizo.

Tayaninso kapaketi kalikonse kofufuma, kodontha, kapena kamene madzi ake achepa kapena achita mbuu, ngakhale deti lili patali. Bambo wina anatibweretsera bokosi limene linakhala pa dashibodi ya galimoto mwezi wonse wa October. Katoni anali atasuluka mtundu, timapaketi tina titauma, lens itakhwinyata ngati mamba a nsomba.

Ndinatsegula lens ya mwezi umodzi, ndinangovala kawiri. Ndingaisunge mpaka Khirisimasi?

Ayi. Mwezi umawerengedwa kuyambira tsiku lotsegula kapaketi, osati masiku amene mwavala. Za tsiku limodzi ndi za tsiku limodzi basi. Ndipo musayerekeze kusunga kapena kutsuka lens m'madzi a pampopi, a pachitsime, a m'botolo, kapena malovu. M'madzi mumakhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba kamene kakalowa mu cornea kamavuta kwambiri kuchiza. Mu 2018 ofufuza a ku Moorfields Eye Hospital ku London ananena kuti odwala matendawa kumeneko anachuluka katatu kuyambira mu 2011, ndipo ambiri anali ovala ma lens. Gwiritsani ntchito solution yake yokha (madzi apadera otsukira ndi kusungiramo ma lens), nayonso muione deti.

Bwanji osangopereka kwa osauka kapena ku chipatala cha boma?

Mtima wake ndi wabwino, koma lens si ngati malaya. Wolandira amafunika kuyezedwa, kuphunzitsidwa kavalidwe ndi kavulidwe, kukhala ndi sopo ndi madzi osamba m'manja nthawi zonse, kugula solution, ndi kupezanso bokosi lina ili likatha. Kumupatsa mabokosi awiri n'kumusiya ndi kumuyambitsa ulendo umene sangaupitirize. Ngati mukufunabe, funsani kaye ku chipatala cha maso monga cha Lions Sight First ku Queens mu Blantyre kapena cha ku Nkhoma ngati angawafune, musangokasiya jumbo pakhomo. Magalasi a mafelemu amene simukuvalanso ndi osavuta kupezera mwini wina, ndipo mabungwe a Lions m'mayiko ambiri akhala akutolera amenewa kwa zaka zambiri.

Tiwataye bwanji?

M'bini ya zinyalala, osati m'sinki kapena m'chimbudzi chamadzi. Ma lens ndi pulasitiki, saola, amangonyenyeka kukhala tizidutswa ting'onoting'ono. Mu 2018 ofufuza a ku Arizona State University anapeza kuti pakati pa 15 ndi 20 mwa ovala 100 alionse ku America amawataya m'sinki kapena m'chimbudzi, ndipo tizidutswato timakathera m'matope a kumalo oyeretsera madzi oipa, kenako m'minda ndi m'mitsinje. Ngati ndi otha deti, boolani timapaketi musanataye kuti wotola asakagulitse pamsika, ndipo muike kutali ndi ana.

Amene muli kunja muli ndi mwayi wina. Ku UK, kampani ya Johnson & Johnson inayambitsa mu 2019 ndondomeko yotolera ma lens ndi timapaketi take mogwirizana ndi TerraCycle, kampani yokonzanso zinyalala kuti zigwiritsidwenso ntchito, ndipo ku America kampani ya Bausch + Lomb inayamba yake mu 2016. Funsani kumene mumayezetsa maso ngati ali ndi bokosi lotolerera. Ife pano tilibe ndondomeko yotere, koma mukatibweretsera otha deti tikutayirani mwaulere.

Tikumva kuti mabokosi obwezedwa mumawagulitsanso. N'zoona?

Inde, amene tawalandira posinthanitsa amabwerera pa shelefu. N'chifukwa chake timakhwimitsa zinthu pa bokosi losatsegula, lisiti, ndi deti. Bokosi lotsegulidwa siligulitsidwanso, ngakhale lija tinalakwitsa tokha. Ngati simukufuna bokosi limene linapitapo kunyumba kwa munthu wina, nenani pogula, tikupatsani lina kapena tikuitanitsirani.

Ndingapewe bwanji kutsala ndi mabokosi?

Yezetsani maso musanagule, osati mutagula. Ngati mukuyamba kumene kapena mukusintha mtundu, valani kaye oyeserera kwa masiku angapo, ndipo musagule a chaka chonse nthawi imodzi pothawa kukwera kwa mitengo, makamaka ngati ndinu wachinyamata amene maso akusinthabe, muli ndi pakati, kapena muli ndi matenda a shuga.

Sindikukhutira ndi chigamulo chanu. Ndipite kuti?

Lemberani woyang'anira chipatala, muphatikize kope la lisiti, ndipo tiyankha molemba pasanathe masabata awiri. Ngati mukuonabe kuti sitinakuchitireni chilungamo pa malonda, muli ndi ufulu wokadandaula ku Competition and Fair Trading Commission. Mabokosi amene ali pa mkangano muzipita nawo kunyumba, sitiwasunga pa kauntala.