Kuiwala malangizo a dokotala si umbuli

Anthu ena amanena kuti wodwala akasokoneza kamwedwe ka mankhwala ndiye kuti ndi mbuli kapena sanamvetsere dala. Zimenezi n'zabodza. Mu 2003, katswiri wa za ubongo Roy Kessels analemba kuti odwala amaiwala nthawi yomweyo pakati pa 40 ndi 80 peresenti ya zimene auzidwa, ndipo pafupifupi theka la zimene atsala nazo amazikumbukira molakwika. Ngakhale ophunzira zimawachitikira.

Munthu akangomva kuti wapezeka ndi shuga, mtima umagunda, maganizo amathawira kwa ana kunyumba, uku adokotala akufotokoza za mapiritsi a m'mawa ndi madzulo. Mawuwo amangodutsa. Choncho musachite manyazi: pemphani kuti akulembereni m'buku la kuchipatala, bwerezani pamaso pawo zimene mwamva, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi wachibale.