Wokuseketsani weniweni sawoneka pa sikirini: nkhani ya Edgar Wright

Ndikauza munthu kuti ntchito yanga ndi kujambula ndi kuedita timasewero toseketsa, funso limabwera lomwe lija: nanga iweyo umaseketsa pati, si ochita sewerowo amene amatithyola nthiti? Ndiye lero ndati ndiyankhe, koma ndidzera kwa mkulu wina wa ku England, dayilekita wa mafilimu, dzina lake Edgar Wright, chifukwa ineyo ntchitoyi ndinaimvetsa nditaonera zake.

Anabadwa mu 1974, anakulira ku Wells, katawuni kakang'ono ka ku Somerset, kumudzi ndithu tikafanizira ndi London. Ali ndi zaka 20 zokha anajambula filimu yathunthu ya makawuboyi, A Fistful of Fingers, inatuluka mu 1995, ndalama zake zochepa zomvetsa chisoni, minda ya kwawo ija n'kumaiyesa chipululu cha ku America. Sanalemere nayo, koma a pa TV anamuona. Mu 1996 anagwira ntchito ndi ochita sewero Simon Pegg ndi Jessica Stevenson pa pulogalamu yotchedwa Asylum, ndipo awiriwa atalemba sewero lawolawo, Spaced, anamuitana iyeyo kuti akhale dayilekita. Linayamba kuonetsedwa pa Channel 4, TV ya ku Britain, mu 1999 n'kutha mu 2001, magawo 14 basi.

Nkhani ya Spaced ndi yaing'ono kwambiri, mnyamata ndi mtsikana anamiza landilodi kuti ndi chibwenzi kuti apeze nyumba ya lendi, basi. Chachilendo chinali kajambulidwe. Komedi yambiri ya pa TV ku Britain nthawi imeneyo ankaijambulira mu situdiyo, makamera angapo ali chilili, anthu oonerera akhala pa mipando akuseka, ndiye iwe kunyumba umamva kuseka kwawoko n'kudziwa kuti apa ndiye poseka. Wright anakana zimenezo. Kamera imodzi, yoyenda, palibe phokoso la oseka, ndipo mkangano wa zii wa anthu awiri kukhitchini ankaujambula ngati filimu ya nkhondo kapena yoopsa ija. Mawu a ochita sewero osasintha, koma kamera ikuchita kukokomeza, ndiye umaseka kusagwirizana kwakeko.

Chitsanzo chimene ndimaonetsa aliyense wofuna kuphunzira chili mu Shaun of the Dead, filimu yake ya 2004, ya mazombi (si ndondocha zathu zija ayi, awa amadya anthu). Shaun akuchoka kunyumba kupita ku kagolosale ka pakona, kamera ikumutsatira osadula olo kamodzi: mwana akusewera mpira, wina akutsuka galimoto, wina akuthamanga ya masewera, wopemphapempha watambasula dzanja. Palibe choseketsa. Mawa lake ulendo womwewo, njira yomweyo, kamera ikuyenda chimodzimodzi, kungoti dziko lasokonekera usiku. Galimoto ija galasi laphwanyika, wothamanga uja pano akuthawadi, wopemphapempha uja ndi zombi koma Shaun ali ndi matsire akungomuuza kuti alibe chenje. Alowa mu golosale, atsegula filiji ili ndi zidindo za manja amagazi, osaona, aterereka pa magazi pansi, osayang'ana, asiya makobidi pa kauntala n'kumapita. Nthabwala yonseyi palibe amene waiyankhula. Dayilekita anaibzala pa ulendo woyamba uja, mphindi zija zimaoneka ngati zotaya nthawi, n'kudzaikolola pa wachiwiri. Ndipo muone, filimu yotere olo aimasulire m'Chichewa anyamata athu omasulira mafilimu aja, olo muzimitse voliyumu, mbali imeneyi siitayika chifukwa siili m'Chingerezi.

Ineyo ndinaphunzira mowawa. Tinajambula kasewero kena, mwamuna akubisala kuseri kwa chitseko kuthawa wangongole, ochita sewero anali bho, pojambula tonse tinkagwa ndi kuseka mpaka wogwira maiki analephera kuima. Nditafika pa kompyuta, zii. Ndinabwereza kakhumi osamvetsa chavuta n'chiyani, kenako ndinaona: kamera ndinaiika mkati mwa nyumba, woonera ankaona wobisalayo yekha akunjenjemera. Tinabwerera, kamera panja, chitseko chikuoneka chonse ndipo pansi pake patuluka zala za kumapazi, wangongole waima chete akungoziyang'ana. Masekondi anayi osayankhula. Kasewero komweko, anthu omwewo, mawu sitinaonjezere, koma ndi pamene kanagwira.

Wright ankachita zoterezi mwadala. Mu Hot Fuzz ya 2007, wapolisi wakhama wa ku London amamutumiza kumudzi chifukwa akuchititsa manyazi anzake. Ulendo wakewo dayilekita wina akanangoonetsa sitima ikudutsa ndi kanyimbo, koma apa ndi timashoti tachangu, ndipo pakati pake foni ya wapolisiyo ikuoneka netiweki ikutsika pang'onopang'ono. Wamva kale kuti akupita kutali osauzidwa. Ngakhale kulemba mafomu a kupolisi, kudinda zala, cholembera kuti khethe, amakudula ngati ndewu. Filimuyi anakaijambulira kwawo ku Wells komwe, ngakhale supamaketi ya Somerfield imene iye ankagwiramo ntchito ali mnyamata ikuonekamo. Mu Shaun of the Dead ndi Hot Fuzz munasewera Pegg ndi mnzake Nick Frost, ndipo filimu yachitatu ndi awiriwa inali The World's End mu 2013.

Sikuti zonse zinamuyendera. Scott Pilgrim vs. the World ya 2010 inadya ndalama zambiri koma m'makanema anthu sanabwere mokwanira, anadzaikonda mochedwa. Ndiye filimu ya Ant-Man ija, anakhala nayo kuyambira 2006, n'kudzaisiya mu 2014 atasemphana maganizo ndi eni filimuyo, a kampani ya Marvel, anamaliza ndi Peyton Reed. Ine sindidabwa, munthu amene amawerengera shoti iliyonse asanafike pamalo ojambulira ndi wovuta kumuuza kuti sintha apa ndi apa. Ndinenenso chilungamo, kajambulidwe kake nthawi zina kamatopetsa, kudula kwachangu kuja kukachuluka umalakalaka atangosiya munthu apume, ndipo Last Night in Soho ya 2021 kwa ine inakongola m'maso kuposa mmene nkhani yake inathera.

Baby Driver ya 2017 ndi imene anthu ambiri kuno anaionera osadziwa n'komwe kuti ndi ya yemwe uja wa Spaced. Nyimbo anazisankhiratu asanajambule, ndiye mfuti kulira, chitseko cha galimoto kutsekeka, munthu kuponda pansi, zonse zikugwera pa biti. Kuti zitheke, edita wake Paul Machliss sankadikira mu ofesi kuti amubweretsere zojambulidwa ayi, ankakhala pomwepo pamsewu ndi kompyuta yake, shoti ikangotha iye n'kuilumikiza ndi nyimbo nthawi yomweyo kuti aone ngati yagwera pake, ikaphonya abwereze magalimoto asanachotsedwe. Machliss ndi mnzake Jonathan Amos anapata nayo mphoto ya mafilimu ya ku Britain yotchedwa BAFTA, ya kuedita, mu 2018, ndipo Machliss yemweyo anaeditako Spaced kalekale kuja.